Mnzathu wa kuntchito akaferedwa: chipepeso, thumba la ufa ndi zokamba pa nkhomaliro

Uthenga wa zovuta masiku ano umafikira pa gulu la WhatsApp la kuntchito, kawirikawiri usiku kapena m'bandakucha: "Anzathu, mayi awo a mnzathu wa ku sitolo atisiya. Za mwambo tikudziwitsani." Ola lisanathe, pansi pake padzaza "pepani" ndi "mzimu wawo uuse mumtendere". Kenako zii. Aliyense akudikira wapampando wa welofeya, komiti ya pantchito yothandizana pa zovuta, wapampandoyo akudikira abwana, abwana akudikira kuti kuche. Koma kunyumba kwa woferedwayo anthu ayamba kale kufika, ndipo ikamakwana 6 koloko m'mawa pakufunika tiyi wa anthu makumi anayi.

Amalawi pa maliro sitiumira. Ngakhale mwezi uli pakati, munthu amasaka kangachepe n'kuponya m'mbale, poti maliro n'kulirana. Chimene chimalakwika pa thandizo la kuntchito ndi nthawi yake. Msonkhamsonkha umatenga masiku awiri, ndalamazo n'kukaperekedwa mu envulopu tsiku loika maliro, pamaso pa khamu, pamene mnzathuyo wagwada kale kwa akatapila kuti apeze bokosi ndi ufa. Envulopu ikangoperekedwa, a kuntchito amakwera basi yawo n'kumati tatha, chonsecho masabata amene mnzathuyo adzafune anthu ndi amene akubwera kutsogolo.

Ndalama zambiri za maliro zimatuluka m'maola 24 oyambirira. Pali za kumochale, ndipo ngati thupi lidikira abale akutali kapena liyenda mtunda wautali, pali za mankhwala okonzera thupi. Pali bokosi. Pali galimoto yonyamula thupi, yomwe mwini wake amafuna za mafuta asanalize injini. Pali tenti ndi mipando, mayunitsi oimbira abale, mayunitsi a magetsi poti nyumba ikhala yoyaka usiku wonse, ndi chakudya cha ogona pa siwa. M'tauni malo a manda amalipiridwa ku khonsolo. Kwa anzathu achisilamu zonsezi zimathinana m'maola ochepa, chifukwa maliro amaikidwa tsiku lomwelo kapena mawa lake. Komiti yonena kuti "tikumana mawa 10 koloko" imapeza anthu atabwerako kale kumanda.

N'chifukwa chake thumba la welofeya liyenera kukhala ndi ndalama zokhalitsa, ndipo msungichuma akhale ndi chilolezo cholembedwa chotumiza gawo loyamba popanda kudikira msonkhano. Anthu awiri akavomereza pa foni, ndalama ipite pa Airtel Money kapena Mpamba usiku womwewo, pamodzi ndi yotapira, kuti munthu wolira asamawerengere zotsala. Ngati maliro akupita kumudzi, ndi bwino kutapiratu m'tauni, chifukwa ma ejenti a m'misika ing'onoing'ono sasunga ndalama zambiri, ndipo munthu amatha kukhala ndi ndalama mu foni koma osagula ngakhale mtolo wa nkhuni. Ndalamayo ipite kwa mnzathu weniweniyo kapena kwa munthu amene iye watchula. Nambala yongoponyedwa pa gulu ndi munthu wodzitcha m'bale iyambe yaimbiridwa, chifukwa akuba a pa foni nawonso amawerenga mauthenga a maliro.

Mikangano yambiri ya welofeya imachokera pa funso loti thumba limathandiza pa maliro a yani. Malamulo ambiri amangolemba kuti mkazi kapena mwamuna, ana ndi makolo. Koma kwathu kuno munthu amatha kuleredwa ndi azakhali, amalume kapena agogo, ndipo kwa iye amenewo ndiye makolo. Tsiku la zovuta wina amayamba kunong'ona kuti "mayi ake si anamwalira chaka chatha, nanga awa ndi mayi ati?" Mawu otere amamufika woferedwa, ndipo sawaiwala. Njira yake ndi yapafupi: polowa m'thumba, aliyense alembetse mayina a anthu ake, kaya asanu kaya asanu ndi mmodzi, mosafunsidwa kuti pali ubale wanji, ndipo mndandandawo uziunikidwa chaka chikamayamba. Kuchuluka kwa chipepeso nakonso kusalembedwe ngati nambala yosasintha. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama imene kale inkagula bokosi ndi ufa inayamba kulephera bokosi lokha. Ndi bwino kulemba kuti chipepeso chizifanana ndi mtengo wa matumba angapo a chimanga pa msika wa tsikulo, kapena kuti zopereka zizikhala gawo la malipiro.

Pali anthu amene mndandanda umawadumpha pafupifupi paliponse: mlonda wolembedwa ndi kampani ina, mayi woyeretsa m'maofesi, anyamata a ganyu otsitsa katundu. Amenewa ndi amene amakhala oyamba kufika pa maliro a abwana n'kuwaza nkhuni, koma zikagwa kwawo gulu limangolemba "pepani". Ngati sangakwanitse chopereka cha mwezi ndi mwezi, apatsidwe chochepa chowayenera, koma akhalemo.

Chipepeso chili chonse chilembedwe m'kope, dzina ndi ndalama, ndipo kope la kuntchito likhale losiyana ndi la pa siwa limene amasunga a mfumu kapena a mpingo. Pa nkhani yolengeza ndalama pagulu, maganizo anga ndi oti kungonena kuti "a kuntchito athandiza pa bokosi ndi chakudya" n'kokwanira. Nambala ikatchulidwa pa chimkuzamawu, abale ena amaiwerenga ngati ndalama imene ili m'thumba mwa woferedwayo, osadziwa kuti inatha dzana, ndipo madzulo ake amayamba kupempha ya thiransipoti mmodzimmodzi.

Tsopano za chakudya, pomwe ndalama zimasungunukira anthu osaona. Pophikira khamu, kilogalamu imodzi ya ufa imadyetsa akuluakulu asanu, ndiye kuti thumba la makilogalamu 50 limatulutsa mbale pafupifupi 250. Tiyerekeze maliro a m'tauni a masiku atatu. Usiku woyamba adya anthu 40. Tsiku lachiwiri masana 60, madzulo 80. Tsiku loika maliro 300. Zonse pamodzi ndi mbale 480, zomwe zikufuna ufa wokwana makilogalamu 96, matumba awiri. Kumudzi nambala ya tsiku lomaliza imatha kuwirikiza, chifukwa midzi yoyandikana imabwera yonse, ngakhale kuti kumeneko makomo amasonkhanso ufa m'timbale mwa lamulo la a mfumu.

Apa pali msampha umene ogula a ku ofesi amagwamo. Thumba la chimanga si thumba la ufa. Mukagayitsa mgaiwa, pafupifupi chonse chimabwerera ngati ufa. Mukati mukufuna ufa woyera, gawo limodzi mwa atatu limatsalira ku madeya ndi ponyika, ndiye matumba atatu a chimanga ndi amene angakupatseni awiri a ufa. Komanso ufa woyera umafuna kukonola, kunyika masiku awiri kapena atatu, kutsuka, kuyanika, kugayitsa ndi kuyanikanso. Maliro sadikira zimenezo. Pa maliro pamayenda mgaiwa kapena gramil, yomwe ndi kukonola n'kugayitsa nthawi yomweyo. Ndipo chimanga chipite ku chigayo tsiku loyamba lomwelo magetsi akadalipo. Maliro ambiri achedwa kudya chifukwa anyamata ali pa mzere ku chigayo kudikira kuti magetsi ayake.

Ndiwo zodalirika ndi nyemba ndi kabichi. Kilogalamu ya nyemba zouma imakwanira anthu pafupifupi 15 ngati pambali pali masamba, ndiye anthu 300 akufuna makilogalamu 20. Kabichi wamkulu wothina bwino amadyetsa anthu 12 mpaka 15, choncho mitu 20 kapena 25 ikwana. Mafuta ophikira malita asanu amatha tsiku loika lokha. Mchere, tomato ndi anyezi zimaoneka zazing'ono koma ndi zimene zimatumitsa mwana ku msika kanayi. Nyama ya soya yathandiza mabanja ambiri chifukwa imapsa msanga, siwola, ndipo imafufuma. Mbuzi ya kumudzi ikasendedwa imatsala makilogalamu 10 kapena 12, ndipo yodulidwa timanthuli ting'onoting'ono singapitirire anthu 100. Amene akulonjeza mbuzi imodzi pa maliro a anthu 300 adziwe kuti akulonjeza msuzi.

Nyemba ndi zimene zimamaliza nkhuni. Zosanyika, makamaka za chaka chatha, zimatha maola atatu kapena kuposa zili pa moto. Zisankhidwe madzulo ndi amayi ogona pa siwa, zinyikidwe usiku wonse, zitsukidwe ndi kuikidwa pa moto m'bandakucha, ndipo nthawi yophika imatsika pafupifupi ndi theka. Mchere ndi tomato zilowe nyembazo zitafewa kale. Koma musaziphike dzulo lake n'kuzisiya zovundikira mu mphika waukulu, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. Mphika waukulu umachedwa kuzizira pakati, ndipo pofika m'mawa nyemba zayamba thovu ndi kafungo kosasa. Zikatero palibe chozikonzera, ndi zokataya, ndipo wozidyetsa anthu adzamva mbiri yake mawa lake.

Nsima ya khamu ili ndi luso lake, ndipo amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Dorika, a mphakati ndi a Dawa amalidziwa bwino kuposa aliyense wochokera ku ofesi. Madzi amafunda kaye osafika powira, ufa n'kuthiridwa pang'onopang'ono kuti pakhale phala lopanda mibulu. Phalalo liyenera kubwata mokwanira, mphindi 15 kapena kuposa ngati ndi mgaiwa, ndipo apa m'pamene changu chimaononga: wina akangoti "abusa afika, fulumirani", ufa umathiridwa phala lisanapse, nsima n'kutuluka yooneka bwino koma yonunkha ufa wauwisi, yotupitsa m'mimba. Odziwa amapungula phala lina m'beseni asanayambe kuthira ufa, kuti nsima ikalimba kwambiri afewetsere. Povundula amachotsako nkhuni zina kuti pansi pasapserere, wina n'kugwira mphika ndi nsanza, awiri n'kumalandizana mthiko waukulu poti mkono umodzi sungathe mphika wonse. Poomola, chipande chimaviikidwa m'madzi ozizira pa mtanda uli wonse. Miphika iwiri yapakatikati yophika mosinthana iposa chimphika chimodzi, chifukwa wina ukamaomoledwa wina uli pa phala, ndipo omaliza kudya sapatsidwa nsima yozizira.

Funsani msanga ngati kumaloko amadya asanapite kumanda kapena akabwerako, chifukwa zimasiyana, ndipo zimasintha nthawi yoyatsa moto. Funsaninso ngati kuphikira khamu n'kololedwa, poti m'madera ena mafumu ndi mipingo anachepetsa zimenezi pofuna kupeputsa anamfedwa. Kulikonse kumene kuli adzukulu, chakudya chawo chikhale choyamba ndipo chikhale chabwino. Anthuwa amayamba kukumba kusanache, nthawi zina pa nthaka ya miyala, ndipo chakudya chawo chikachedwa kapena chikanyozeka, manda nawo amachedwa. Palibe bwana wa kampani amene angawalamule. Amamvera a mfumu, ndipo a kuntchito asayerekeze kukambirana nawo okha.

Tiyi amaoneka ngati kanthu kochepa, koma shuga ndi amene amayamba kutha. Momwe timathirira ife, kilogalamu imodzi siipitirira makapu 40, ndipo ogona pa siwa amamwa usiku ndi m'mawa. Thirirani shuga mu ketulo kapena mu ndowa ya tiyi momwemo, osayendetsa mbale ya shuga. Ndipo zakudya zonse zikhale m'chipinda chimodzi chokhala ndi kiyi, wosunga wake mayi mmodzi wodalirika wosankhidwa ndi banja, amene azitulutsa za chakudya chimodzi chimodzi. Kumeneku si kuganizira anthu zoipa. Pamene pali manja makumi atatu ndipo palibe wowerengera, botolo la mafuta limangosowa popanda wakuba. Zotsala zikhale za pakhomopo, chifukwa abale ena amakhala mpaka sabata, kudikira kumeta kapena kusesa ndi zokambirana za banja, ndipo onsewo amadya za mnzathu yemweyo.

Madzi ndi nkhani ina yoiwalika. Kuphika, kumwa, kutsuka mbale ndi kusamba m'manja kumatha madiramu awiri a malita 200 pa tsiku mosavuta, ndipo mpopi wa pakhomo sungadaliridwe. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo malo odyera pamodzi ngati pa maliro ndi amene matenda otere amafalikira msanga. Beseni limodzi losambamo m'manja anthu makumi awiri lisaonekenso. Pakhale ndowa ya kampopi kapena mwana wothirira ndi jagi, sopo ali pomwepo, wina pafupi ndi chimbudzi. Madzi akumwa athiridwe WaterGuard kapena klorini wochokera kwa alangizi a zaumoyo. Ngati malemu anamwalira ndi kolera, zonse zokhudza thupi ndi chakudya zitsate zimene a zaumoyo anena, ngakhale zitawawa bwanji.

Ndiye ngati a kuntchito akufunsa kuti tinyamule chiyani, yankho ndi matumba awiri a ufa, nyemba, mafuta, shuga, masamba a tiyi, mchere, sopo ndi nkhuni, zifike tsiku loyamba dzuwa lisanalowe. Nkhata imodzi ya kampani ndi yokwanira. Ndipo a ku ofesi akafika tsiku loika, asayembekezere kulowetsedwa m'nyumba kukadya mpunga ndi nkhuku. Banja limachita zimenezo mwaulemu, koma nkhukuzo zagulidwa ndi ngongole. Mtsogoleri wa gulu anene msanga kwa mwini mbumba kuti "ife tidya pamodzi ndi anthu, musavutike nafe."

Za kuntchito kwenikweni zimafuna munthu mmodzi wozigwira. Tsiku loyamba, mnzake wapafupi amufunse kamodzi kokha: makiyi ali kuti, ndi ntchito iti imene singadikire, ndani akuyembekezera yankho. Zikatero foni yake isalirenso za ntchito. Palibe chinthu chochititsa manyazi ngati munthu ali pambali pa bokosi la mayi ake, foni n'kulira, wina akufunsa pasiwedi ya kompyuta. Za masiku a tchuthi, a HR, omwe amayang'anira za antchito, anene momveka tsiku lomwelo kuti malamulo a pakampanipo akupereka masiku angati a maliro. Akachepa, munthu angathe kuwonjezera pa tchuthi chake cha pachaka, chomwe lamulo la ntchito la 2000 limati chisachepere masiku 18 kwa ogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndi masiku 15 kwa ogwira masiku asanu. Masiku atatu sakwanira munthu amene akukaika maliro ku Chitipa kapena ku Nsanje kuchokera ku Lilongwe, chifukwa awiri amathera pa msewu. Opita ku maliro alembedwe, otsala pa ntchito alembedwenso, ndipo zizisinthana, kuti asamakhale anthu omwewo otsala pa kauntala nthawi zonse.

Pofika pa siwa palibe zambiri zoyankhula, ndipo ndi pamene ophunzira ambiri amapunthwa. Masamba akaoneka pa msewu, galimoto iyende pang'onopang'ono, wailesi izimitsidwe, zipewa zivulidwe. Amayi atenge chitenje ndi mpango ngakhale achokera ku ofesi. Abambo amakhala panja, amayi amalowa m'nyumba. Mukhale pansi kaye, kenako mupereke moni motsitsa mawu. "Pepani ndi zovutazi, achimwene." "Tamva, mayi, pepani." Basi. Kukhala chete pambali pa munthu kwa theka la ola si kulephera, ndiko kukhuza maliro. Funso loti "anadwala chiyani?" lisiyeni. Ngati banja likufuna kufotokoza, pali munthu wake amene adzanene pa nthawi yake. Mawu oti "musalire" ndi oti "bola anakula" amatuluka ndi mtima wabwino, koma kwa mwana wa malemu mayi sakula. Ndipo kujambula bokosi kapena nkhope za olira n'kuika pa sitetasi popanda chilolezo cha banja ndi mwano, ngakhale pansi pake mutalemba vesi.

Woyankhula m'malo mwa kampani asapitirire mphindi zitatu, ndipo asalonjeze chimene sichinavomerezedwe. "Ana awa tidzawaphunzitsa" ndi mawu okoma pa manda, koma amasiye amawasunga, ndipo Januwale akafika amabwera pa geti ndi kalata ya fizi.

Zimakhala zolemera kwambiri ngati womwalirayo ndi wantchito mnzathu. Apa thandizo lalikulu ndi la mapepala, chifukwa wamasiye sadziwa poyambira. Chikalata cha imfa chimachokera ku National Registration Bureau kudzera ku ofesi ya DC. Ngati munthu wamwalirira kuchipatala, chipatala chimalemba lipoti lake, ndipo ngati wamwalirira kunyumba, a mfumu amachitira umboni. Popanda chikalatachi, banki, a penshoni ndi a inshulansi sasuntha. Lamulo la penshoni limati wolemba ntchito aziika ku penshoni 10 peresenti ya malipiro a wantchito ndipo wantchitoyo 5 peresenti, komanso kuti wantchito akhale pa inshulansi ya moyo yosachepera malipiro ake a chaka chimodzi. Mabanja ambiri sadziwa za inshulansi imeneyi, ndipo ndi udindo wa a HR kuwauza osadikira kufunsidwa. Ndalamazi zimatsata fomu imene malemu analembapo oti adzalandire, ndipo apa m'pamene pamabuka milandu: munthu analemba fomu ali mnyamata, n'kutchula mayi ake ndi mlongo wake, kenako anakwatira n'kubereka ana anayi osaisintha. Aliyense amene akuwerenga pano ali pa ntchito akafunse fomu yake sabata ino. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaika kulanda katundu wa amasiye kukhala mlandu, choncho malipiro otsala ndi katundu wa mu ofesi wa malemu zisaperekedwe kwa m'bale amene wangofika woyamba ndi mawu okweza. Zidikire munthu wovomerezeka, ndipo asainire.

Kenako mnzathu uja amabwerera ku ntchito, mwina atameta, mwina atavala zakuda, ndipo apa m'pamene anthu amasowa chochita. Ena amamuzemba m'khonde poopa kulakwitsa mawu. Ena amamupepesa m'mawa, masana ndi madzulo mpaka munthu kuyamba kudyera mu ofesi yekha. Zonse ziwiri zimamusiya payekha. Amene sanapite ku maliro apepese kamodzi, pambali, mwachidule: "Sindinathe kufika, achemwali, pepani kwambiri." Zikatha apo, chimene munthuyu akufuna ndi kubwezeredwa m'macheza a masiku onse.

Macheza amenewa amachitikira pa nkhomaliro, kaya ndi ku memo, pa chiwaya, kapena pansi pa mtengo pomwe anthu amatsegulirana makontena. Ngati mumapita naye masiku onse, mutengeni monga kale. "Madala, tiyeni tikadye." Akati "ndilibe njala", musakakamize, koma musasiyenso kumuitana mawa. Yankho labwino ndi loti "tiyeni mukangotiperekeza, mukamwe ka Sobo." Anthu olira ambiri sasowa chakudya, amasowa chilakolako ndi mphamvu yoganiza zoti adye chiyani, ndipo amadya bwino mbale ikangoikidwa patsogolo pawo pakati pa anzawo. Bambo amene wataya mkazi amatha mwezi akugonera tiyi ndi buledi osauza munthu. Mayi amene wataya mwana amaphikira ena onse iye osalawa. Kontena yowonjezera ya nsima ndi usipa yochokera kunyumba kwa mnzake, yoperekedwa ndi mawu oti "akunyumba apakira zambiri lero, tithandizeni", imalandiridwa mosavuta kuposa ndalama ya chakudya.

Pa nkhomaliropo kambani zimene mumakamba nthawi zonse: Bullets ndi Wanderers, mtengo wa shuga, mizere ya mafuta, mvula imene yachedwa, feteleza. Akaseka, musadabwe ndi kumuyang'ana ngati walakwa. Akayamba yekha kukamba za malemu, musasinthe nkhani, ndipo musathamangire kufotokoza za maliro a kwanu. Mufunseni zing'onozing'ono zimene zimamulola kupitiriza: "Ankakonda kuphika chiyani?" "Munda uja alima ndani chaka chino?" Funso loti "muli bwanji?" limayankhidwa ndi "ndili bwino" ngakhale munthu asanagone masiku anayi. Mafunso ogwirika ndi amene amatsegula pakamwa: "Ana ayamba kupita ku sukulu?" "Alendo anapita onse?" "Mukumagona?" Ndipo zimene wanena pa nkhomaliro zithere pomwepo, zisakafike pa gulu la WhatsApp.

Kapitawo kapena bwana wake adziwe kuti m'masabata oyambirira mutu wa munthu woferedwa sugwira bwino. Amaiwala, amawerenga mzere umodzi katatu, amasokoneza manambala. Ngati ndi dalaivala, asapatsidwe ulendo wautali wa usiku sabata yoyamba. Ngati amagwira makina odula kapena magetsi, akhale ndi mnzake pambali. Ngati ndi wa pa kauntala ya ndalama, wina aziwerenga naye potseka, chifukwa shoti ya nthawi imeneyi imadulidwa pa malipiro omwe ali kale ndi mabala. Kumuchotsera ntchito yonse sikuthandizanso, poti ambiri amapeza mpumulo pogwira kanthu. Koma pakatha miyezi iwiri kapena itatu munthu akuipiraipira, sakugona, wayamba kufika atamwa, kapena akuyankhula zoti moyo ulibe phindu, imeneyo si nkhani yongoti "limbani mtima". Mnzake wapamtima amufunse mosazungulira, ndipo amuperekeze kwa aphungu kapena ku chipatala. Abambo ndi amene amabisa kwambiri zoterezi.

Mwezi ukamatha m'pamene maliro amabweranso kachiwiri, pa pepala la malipiro. Ngati anatenga adivansi tsiku loyamba, a ku akaunti akaidula yonse kamodzi, munthu amapita kunyumba chimanjamanja, kunyumba komwe mwina kwawonjezeka ana awiri a malemu. Wa welofeya akakambe ndi a ku akaunti tsiku lokonza malipiro lisanafike, kuti ngongoleyo igawidwe miyezi inayi kapena isanu ndi umodzi, ndipo mgwirizanowo ulembedwe. Ngati ali mu chipereganyu cha pa ofesi, amene akulandira mwezi umenewo angathe kusinthana naye. Ngongole ya katapila ndiyo iyambe kubwezedwa, chifukwa imabereka mwezi uli wonse, ndipo ngati thumba la welofeya limabwereketsa pa chiwongoladzanja chochepa, ndi bwino kumubwereka kuti atseke ya katapilayo sabata yomweyo.